Musalembetse makilomita 42 musanathe kuthamanga mphindi 30

Lero ndisiye kaye za mitengo ya katundu ndi mizere ya paboda, ndiyankhule za miyendo yathuyi.

Masiku ano anthu ambiri a ntchito yathu ayamba kufuna kuthamanga. Wina adokotala amuuza kuti BP yakwera, wina thalauza lasiya kumangika, wina wangoona mnzake pa Facebook atavala mendulo ya ku Victoria Falls ndiye mtima wamuwawa. Zifukwa zonsezi n'zabwino, ngakhale cha nsanjecho. Chomwe ndikukana ine ndi kayambidwe kake. Munthu amene chichokereni kusukulu sanathamangepo, kupatula pothamangira basi, akulembetsa makilomita 42, kugula nsapato zodula ku Musina, n'kudzuka Lolemba kuliyatsa liwiro ngati wabwera ndi galu kumbuyo. Pofika Lachinayi akutsimphina. Mwezi usanathe nsapato zija zasanduka zopitira kumsika, ndipo mwini wake akuuza aliyense kuti kuthamanga kumaononga mawondo.

Mpweya wothamangira mtunda wautali sumabwera ndi ukali. Umasonkhanitsidwa ngati mpamba, pang'onopang'ono, ndipo ukaudya nthawi isanakwane umayambiranso pansi. Ife a pamsewu tili ndi vuto lina lapadera: ndondomeko zonse zophunzitsa kuthamanga zinalembedwa ndi anthu ogona pabedi limodzimodzi tsiku lililonse. Tikazitsatira momwe zilili tidzagwa nazo. Tiyenera kuziwerenga mwathumwathu.

Achimwene a mathiraki mundimva msanga. Mtima ndi mapapo ndiye injini. Mawondo, akakolo, mtsempha wa kuchidendene ndi mafupa a miyendo ndiye matayala ndi masipuling'i. Injini imalimba mofulumira: pakatha masabata atatu kapena anayi mumayamba kumva kuti mpweya ukukwana, wefuwefu uja wachepa. Koma mafupa ndi mitsempha zimatenga miyezi kuti zizolowere kugunda pansi. Apa ndi pomwe ambiri amapwetekera. Injini ikuti ndingathe, munthu n'kuwonjezera katundu, pomwe zapansi sizinakonzeke. Pamsewu pali sikelo yokuimitsani mukadzaza mopyola. Thupi lilibe sikelo, limangokulipitsani faindi mochedwa, ndipo faindi yake ndi kupweteka kwa fupa lakutsogolo kwa mwendo, bondo lotupa, kapena chidendene chokana kuponda pansi m'mamawa. Mayi wa geni amene sangathe kuponda pansi ndi mayi amene sapita kukaoda. Dalaivala wa bondo lotupa akwera bwanji m'thiraki?

Ndiye lamulo loyamba, lomwe anthu amadana nalo kwambiri chifukwa limachititsa manyazi: thamangani pang'onopang'ono kuposa momwe mukufunira. Muyeso wake ndi pakamwa panu. Ngati simungathe kuuza mnzanu mtengo wa bokosi la mafuta ophikira popanda mawu kudukaduka, mwathamangitsa, bwezani giya. Ana a sukulu akupitirirani, agogo opita kutchalitchi mwina muyenda nawo limodzi kamtunda ndithu. Zisiyeni zitero. Liwiro lochezera limeneli ndi lomwe limakulitsa mphamvu ya mtima ndi timitsempha ta magazi m'minofu, ndipo ngakhale akatswiri amathamanga mitunda yawo yambiri mofatsa, liwiro lenileni amalisungira masiku ochepa.

Pali ndondomeko yotchuka yotchedwa Couch to 5K, yomwe a zaumoyo ku Britain, a NHS, amalimbikitsa anthu oyamba kumene. Ndi ya masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba mumayenda ndawala mphindi 5, kenako mumathamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kubwerezabwereza mpaka mphindi 20. Sabata iliyonse mphindi zothamanga zimakwera, zoyenda zimachepa, mpaka pomaliza mumathamanga mphindi 30 osaima. Ndondomekoyi ndi yabwino ndipo ndi yaulere. Kuyenda komwe kuli m'katimo si kulephera ayi, ndi gawo la ntchitoyo.

Koma ndani mwa ife amene ali ndi Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka zake? Lolemba uli ku Tshabalala, Lachiwiri usiku uli pamzere ku Beitbridge, Lachinayi ukuzungulira m'mashopu ku Johannesburg, Loweruka ukudikira malayitsha amene wazimitsa foni. Dalaivala wopita ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Zobue sadziwa n'komwe tsiku lobwerera, amadziwa ndi mapepala. Munthu wotere akaphonya sabata yachitatu amaona ngati zonse zaonongeka, n'kusiya.

Ine ndikuti iwalani za masabata 9. Katatu pa sabata kwa masabata 9 ndi maulendo 27. Werengani amenewo. Tsegulani kumapeto kwa kope lomwe mumalembamo maoda ndi ngongole, lembani 1 mpaka 27, ndipo mukathamanga muzidula nambala imodzi. Wina amaliza m'miyezi iwiri, wina inayi. Palibe akulipitsani chiwongoladzanja. Chofunika n'chakuti pakati pa kuthamanga kuwiri pazikhala tsiku lopuma, chifukwa thupi limamanga pa tsiku lopumalo, osati pamsewu. Mukajomba sabata imodzi pitirizani pomwe munasiyira. Mukajomba masabata awiri bwererani m'mbuyo manambala atatu. Ukatha mwezi wathunthu, dzichepetseni muyambire pafupi ndi poyamba, mudzaona kuti ulendo wachiwiri mukwera msanga. Chomwe musachite ndi kubweza ngongole. Masiku amene munaphonya apita. Kuthamanga masiku anayi otsatizana kuti mulipire za sabata yatha ndi njira yachidule yopitira kuchipatala.

Tsiku lofika kuchokera kuulendo si lothamanga. Apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi nkhani ya moyo. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Bulawayo ndi makilomita opitirira 800, kuphatikizapo maola a paboda, miyendo ili yopinda pakati pa zikwama. Tonse timadziwa momwe mapazi amatupira, nsapato kukana kulowa. Bungwe la WHO linachenjeza kale kuti kukhala malo amodzi paulendo woposa maola 4 kumawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Kutupa kwa mapazi onse awiri komwe kumaphwa mukagona, kumeneko n'kwa masiku onse. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa, akutentha, musaupake mankhwala, musausisite, ndipo musati ndikathamange kuti magazi ayende. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi oundanawo akathothoka amapita kumapapo, ndipo munthu amatha kugwa osadzukanso. Mukafika bwinobwino, tsiku loyamba yendani chabe, imwani madzi, gonani tulo tokwanira. Mawa lake ndiye mudule nambala yanu.

Nanga masiku a paulendo tingokhala? Ayi. Mpamba ungathe kusakula, koma usamadyedwe. Basi ikaima tsikani muyende, ngakhale mulibe chogula. Achimwene, thiraki ya ngolo ziwiri imatalika mamita 22. Kuizungulira kamodzi ndi pafupifupi mamita 50, ndiye kuizungulira ka 20 mwayenda kilomita yathunthu, diso lili pa katundu, matayala mwawaona onse, ndipo mzere ukasuntha muli pomwepo. Anzanu aseka tsiku loyamba. Lachitatu wina akutsatirani. Zimene sindingalimbikitse n'kutuluka kukathamanga m'mbali mwa msewu waukulu usiku, kapena kulowera kutchire cha ku Limpopo ati kusaka mpweya wabwino. Maguma-guma safunsa ngati mukukonzekera mpikisano.

Dziwaninso kuti malo amasintha thupi. Bulawayo ili pamtunda wa mamita opitirira 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, Johannesburg ili pamwamba kuposa apo, cha m'ma 1,700. Durban ndi Beira zili m'mphepete mwa nyanja, mpweya wokwana koma chinyezi chambiri, thukuta silimauma. Beitbridge ndi Tete ndi ng'anjo, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mphindi 20 zomwe munathamanga mosavuta kwanu zingakuvuteni kwina, ndipo sikuti mwabwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake ndimati woyamba kumene aziwerenga mphindi, osati makilomita kapena liwiro la pafoni. Kumalo otentha, dzuwa likangokwera nkhani yothamanga yatha, dikirani mawa m'bandakucha. Mkodzo ukakhala wofiirira ngati tiyi, imwani madzi kaye. Zakumwa za m'zitini zoletsa tulo zija, zomwe ena mumamwa zitatu usiku umodzi, si madzi ndipo si chakudya. Kuthamanga mtima uli kale gugugu chifukwa cha zimenezo, usiku wonse musanagone, n'kudziputira ngozi.

Kuno ku Tshabalala, ngakhale kwa anansi athu ku Sizinda komwe ambiri a ife makolo athu anafikira pobwera kudzagwira ntchito ya njanji, nthawi yabwino ndi m'mamawa makombi asanachuluke. Thamangani moyang'anana ndi magalimoto akubwera, osati kuwapatsa msana. Mu Juni ndi Julayi kumacha mochedwa ndipo kumazizira koopsa, ndiye kajekete konyezimira kaja komwe madalaivala muli nako kale kagwire ntchito. Amayi tiziyenda awiri kapena atatu, foni yodula itsale kunyumba. Bwalo la mpira la fumbi ndi labwino kuposa tala kwa munthu wolemera thupi amene akuyamba kumene, chifukwa pansi pake m'pofewa, kungoti muzisamala maenje.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena pamene mukuwerenga. Ife timanyamula zikwama zolemera kuposa ife eni, timakweza ndi kutsitsa katundu, tikufuniranji masewera a anthu a m'maofesi? Kunyamula katundu ndi ntchito yolemetsa, sindikana, misana yathu ndi mboni. Koma ndi mphamvu ya mphindi zochepa, kenako maola 15 tili chikhalire. Mtima umafuna ntchito yopitirira, yosadukiza. A WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi mwapakatikati, ngati kuyenda ndawala. Werengani sabata yanu moona mtima muone ngati zikukwana. Onjezani zomwe timadya pamsewu: tchipisi, nkhuku yokazinga, buledi ndi zakumwa za shuga, chifukwa ndi zomwe zimapezeka pa 2 koloko usiku. Kwa dalaivala nkhaniyi ndi ya ntchito yeniyeni, chifukwa pepala la dokotala likakana, laisensi yokha sikudyetsani. Kwa ife a geni palibe tchuthi cha odwala. Ukagona, tebulo lako lagona, fizi ya ana yagona.

Palinso pakamwa pa anthu. Mayi wa zaka 45 akuthamanga pamsewu, ena ati wapenga, ena ati akufuna kuoneka mtsikana, ndipo mukayamba kutsika thupi manong'onong'o amayamba akuti akudwala. Mwambo wathu woti kunenepa ndiye umboni woti geni ikuyenda watipweteka ambiri. Ine yankho langa n'lakuti anthu omwewo ndi amene adzabwere kudzakuonani mutafa ziwalo mbali imodzi, atanyamula malalanje, n'kubwerera kwawo. Ndipo kwa anzathu amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, kuthamanga sikoletsedwa. Kambiranani ndi a chipatala, makamaka a shuga chifukwa shuga amatha kutsika kwambiri pothamanga, koma musadzichotse nokha pamzere.

Musanadule nambala 1, kayezetseni BP. Kukiliniki ya khonsolo amayeza, m'mafamase ambiri amayezanso, ndipo sizitenga mphindi 5. BP yokwera sipweteka, n'chifukwa chake imapha anthu ooneka amphamvu. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, imeneyo ndi yokwera ndipo ikufuna a chipatala. Ikafika cha m'ma 180/110 musathamange mpaka itatsitsidwa. Ndipo tsiku lililonse mukamva chifuwa kuthina kapena kupweteka, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo. Zimenezo si zopirira. Kuwawa kwa minofu mbali zonse ziwiri tsiku lotsatira n'kwabwinobwino, kumatha kokha. Kuwawa kwa malo amodzi komwe kukukulirakulira mukamathamanga, kapena kokutsimphinitsani, kumafuna masiku opuma.

Za nsapato sinditaya nthawi, ndife a geni, timadziwa kusiyanitsa zenizeni ndi zachinyengo. Za kaunjika, za pa khothama monga amanenera kuno, zimagwira ntchito bola pansi pake pasakhale podyeka mbali imodzi ndipo mukadina pasakhale pouma ngati thabwa. Yesani madzulo mapazi atatupa, musiye mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo. Amayi, ndalama yomwe mwapulumutsa pa nsapato muike pa bra yogwira bwino. Vaseline pakati pa ntchafu ndi m'khwapa, basi mwakonzeka.

Tsono za mpikisano. Ine ndimakhulupirira kuti kulembetsa n'kofunika, chifukwa ife timalemekeza chinthu chomwe tachilipira ndipo chili ndi tsiku lake. Koma lembetsani waung'ono. Ku Victoria Falls, pa mpikisano womwe umachitika pakati pa chaka, pali makilomita 42, pali 21, palinso 7.5 wa anthu wamba. Wa 7.5 ndiye wanu. Mipikisano yambiri ya kuno ku Bulawayo, ku Harare, ku Lilongwe ndi ku Blantyre imakhala ndi mtunda wa makilomita 5 kapena 10. Wa ku Matopos uja wa mamailosi 33, omwe ndi makilomita 53, pitani mukaonerere ndi kuombera m'manja. Achimwene amene mumatsika N3 kupita ku Durban mumawadziwa mapiri a pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban, momwe thiraki yodzaza imalirira. M'mapiri amenewo ndi momwe mumadutsa Comrades, mpikisano womwe unayamba mu 1921, wa makilomita pafupifupi 90, ndipo maola 12 akakwana mzere womalizira umatsekedwa ngakhale mwatsala ndi mapazi awiri. Stephen Muzhingi wa kuno ku Zimbabwe anapambana katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Anthu amakumbukira zaka zitatuzo, amaiwala kuti asanapambane anali atathamanga kale mpikisanowo n'kumalizira kumbuyo kwa ena. Kwathu ku Mulanje kuli mpikisano wa onyamula katundu m'phiri, woyambira ku Likhubula, makilomita opitirira 20 okwera ndi kutsika miyala. Anyamata amenewo miyendo yawo inamangidwa ndi zaka zokwera phirilo, osati ndi masabata asanu ndi limodzi.

Mukadula nambala 27, mukuthamanga mphindi 30 osaima, musasinthe zambiri. Pitirizani katatu pa sabata pomwe ulendo walola. Kawiri muzithamanga mphindi 30 zomwezo, kachitatuko muzitalikitsa ndi mphindi 5 zokha. Mukatalikitsa katatu motsatizana, kachinayi bwererani pansi thupi lipume, ndipo ngati n'kotheka kupumako kugwere sabata ya ulendo, mwapha mbalame ziwiri. Mukafika pa ola limodzi ndi mphindi 10 muli pa liwiro lochezera lija, makilomita 10 ali m'manja. Za 21 tidzakambirane mutatha chaka mukuthamanga osavulala. Za 42, chaka chinacho.

Chomaliza ndi sabata ya mpikisanoyo, chifukwa ife mwachibadwa tidzafuna kuphatikiza ndi geni. Musakwere basi ya usiku n'kutsikira pamzere woyambira. Kuchoka ku Bulawayo kupita ku Victoria Falls ndi makilomita pafupifupi 440, fikani tsiku limodzi mpikisano usanachitike, miyendo iphwe. Sabata imeneyo thamangani pang'ono chabe, mpweya womwe mulibe simuupeza m'masiku asanu omaliza. Madzulo ake idyani nsima kapena mpunga womwe mimba yanu imaudziwa, m'mamawa nthochi ndi tiyi maola awiri musanayambe. Nsapato zatsopano, masokosi atsopano, chakumwa chatsopano chomwe wina wakupatsani pamzere, zonsezo ayi. Musamwe Brufen kuti musamve kuwawa, mankhwala amenewo pamodzi ndi kutaya madzi m'thupi amavutitsa impso. Imani cha kumbuyo. Mfuti ikalira gulu lonse lidzathamanga ngati basi ikuwasiya, inu asiyeni apite, kilomita yoyamba muithamange mofatsa kuposa zonse. Ndipo katundu wa anthu amene mwatenga kuti mukagulitse kumeneko, mutsegule mukamaliza, osati kuima naye padzuwa tsiku lonse Loweruka mpikisano uli Lamulungu.